Filimu ya Angelopoulos muibwezere kwa ana ake

Pali chizolowezi china pakati pa anthu ophunzira chomwe chimandiwawa akamakamba za filimu ya Theo Angelopoulos ya mu 1988, yodziwika ndi dzina loti Landscape in the Mist. Amaitenga ngati ndagi yodikira wanzeru kuti aimasule. Chithunzi chilichonse amachifunsa kuti chikuimira chiyani, akapeza yankho basi mtima pansi. Khalidweli likulanda filimuyi kwa eni ake, omwe ndi ana awiri: Voula ndi mlongo wake wamng'ono, Alexandros.

Anawa anauzidwa ndi mayi awo kuti bambo awo ali ku Germany. Tsiku lina anathawa kwawo ku Athens, n'kukwera sitima opanda tikiti, kukafuna munthu amene sanamuonepo. Ali m'njira, Voula anamva malume awo akuuza wapolisi kuti ku Germany kulibe bambo aliyense, mayi ananama. Mtsikanayo anakana kukhulupirira, ulendo n'kupitirira.

Chimene chimakopa omasulira kwambiri ndi dzanja lalikulu lamwala, loduka chala cholozera, limene helikopita ikulivuula m'nyanja ku Thessaloniki. Wina ati ndi dzanja la Mulungu, wina ati ndi ulemerero wakale wa Greece umene sungathenso kuloza njira. Zonsezo n'zotheka, ndipo sindikutsutsa kuti Angelopoulos ankaika zinthu zotere mwadala. Ngakhale gulu la azisudzo limene anawa akukumana nalo, lija likusowa pochitira sewero mpaka kugulitsa zovala zake, analitenga mu filimu yake ya mu 1975, The Travelling Players. Koma taonani amene aima m'mbali mwa nyanjamo. Ndi ana otopa, anjala, amene akuona chinthu choopsa chikuuluka pamwamba pa mzinda popanda wowafotokozera. Umu ndi mmene dziko la akuluakulu limaonekera kwa mwana, ndipo woonera amene wathamangira tanthauzo wadzichotsa pamalo pamene filimu inafuna kumuimika.

Usiku wina thirakitala ikukoka hatchi yotsala pang'ono kufa, n'kuisiya pa chipale chofewa, pomwe anthu a ukwati akuvina chapafupi. Alexandros akulira mosatonthozeka. Kamwana kameneka sikakulirira chizindikiro ayi. Kaona imfa ndi maso, kaonanso kuti ovina aja alibe nazo ntchito.

Pamene ndimakwiya zenizeni ndi pa nkhani ya dalaivala wa lole. Bamboyu awatenga anawa ngati wachifundo, kenako agwiririra Voula kumbuyo kwa galimoto. Kamera ikhala panja, ikuyang'ana lona lotseka, magalimoto akudutsa pamsewu, nthawi ikutalika mpaka woonera kusowa pogwira. Wina akadzakuuzani kuti apa Voula akuimira dziko la Greece lochitidwa chipongwe ndi mbiri yake, mumukanire. Amene wapwetekedwa m'lolemo ndi mwana wamkazi. Kumusandutsa chizindikiro ndi njira yaulemu yoyang'anira kumbali, monga achitira oyendetsa magalimoto aja.

Dzina la Germany silinangotoledwa. Mu 1960 Greece ndi West Germany anasainirana pangano lotumiza antchito, ndipo mabanja ambiri anatsala opanda abambo. Ife amene tinakulira limodzi ndi ana a matchona a ku Joni ndi ku Halale sitifunika pulofesa kuti atiuze mmene mwana amamangira bambo wake m'mutu kuchokera pa dzina la dziko lokha.

Kumapeto anawa awoloka mtsinje pa bwato usiku, poganiza kuti tsidya linalo ndi Germany. Mfuti ilira. Kukucha, nkhungu iyamba kuyera, iwo athamangira mtengo n'kuukumbatira. Anthu amalimbana: kodi anafa kapena anafika? Aliyense wodziwa mapu akudziwa kuti Greece sichita malire ndi Germany. Malire amenewo ali m'maganizo a ana okha, ndipo Angelopoulos anasankha kutsala nawo m'menemo kufikira chithunzi chomaliza. Wofuna chigamulo cha khoti pamenepa wafunsa funso la munthu wamkulu mu filimu imene yakhala ikukana mafunso otero kwa maola awiri.

Filimuyi inapata mphoto ya Silver Lion ku Venice mu 1988. Mukaipeza, aphunzitsi ndi ophunzira a zamafilimu, yambani mwakambirana zimene zinawachitikira Voula ndi Alexandros ndi akuluakulu amene anawalephera. Za dzanja lija mukambe pambuyo.