Injini za Dizilo, Zakale ndi Zatsopano: Zodalirika Ndi Ziti?

Paliponse pamene oyendetsa magalimoto asonkhana, kaya ndi pa siteji ya matola, kaya ndi m'magaraja a ku Ndirande kapena a ku Biwi, pali mkangano umodzi umene suzirala. Ena amati injini za dizilo za m'mapikapu akale ndizo zolimba, ndipo kuti za masiku ano nzachibwana. Ena amayankha kuti onena zoterewa ndi anthu oopa zachilendo, amene akadakondwa kubwerera ku ngolo ya ng'ombe. Mkanganowu ukadakhala wongotayitsa nthawi, sipakadafunika kuulemba m'buku. Koma m'dziko la Malawi pikapu si chinthu chodzionetsera nacho ayi. Ndiyo imanyamula chimanga ndi mabelo a fodya, ndiyo imathamangitsa mayi wapakati kupita naye kuchipatala usiku, ndiponso ndiyo imaperekeza maliro kumudzi. Wogula akalakwitsa posankha, amene adzavutike si iye yekha.

Mlanduwu uli ndi mwini wake. Kwa munthu amene ntchito yake ili kutali ndi mzinda, injini yopangidwa mwa njira yakale ndiyo yodalirika koposa, ndipo amene amakana zimenezi amayeza ndi muyezo wolakwika.

Injini iliyonse ya dizilo, kuyambira pa ija Rudolf Diesel adaionetsa ikugwira ntchito mu 1897, imayaka mwa njira imodzi: pisitoni imapanikiza mpweya kufikira utatentha kwambiri, mafuta amapoperedwa mumpweyamo, ndipo amayaka okha popanda mapulagi oyatsira. Kusiyana konse kwagona pa kapoperedwe ka mafutawo. M'injini zakale, monga 3L ya Toyota Hilux kapena 1HZ ya Land Cruiser, ntchitoyi imagwiridwa ndi pampu yachitsulo yozunguzidwa ndi injini yomweyo, imene imayeza mafuta ndi kuwagawira ku silinda iliyonse pa nthawi yake. M'injini zatsopano, zotchedwa common rail, pampu imaunjika mafuta mumpope umodzi pa mphamvu yoopsa, ndipo kompyuta ndiyo imalamula mainjekita kutseguka kangapo pa kuyaka kumodzi, itamva kaye zimene masensa ambiri aiuza. Kampani ya Denso idayamba kuika njirayi m'malole a Hino mu 1995, ndipo pofika 2005 idali itakhazikika mu Hilux ndi injini zolembedwa kuti D-4D. Tayala la pikapu limapopedwa mpweya wa ma bar 2 kapena 3 chabe. Mumpope wa injini ya masiku ano mafuta amapitirira ma bar 2,000.

Chilungamo chifuna kuti injini yatsopano ipatsidwe ulemu wake. Pali ena amene akaona pikapu yonyezimira amafulumira kutchula mwambi wa chikomekome cha mkuyu, koma apa mwambiwo aunamizira, pakuti m'kati mwa injiniyi mulibe nyerere. Muli umisiri wodabwitsa. Injini ya 3L idali ya malita 2.8 ndipo inkapereka mphamvu ya akavalo pafupifupi 90. Injini ya 1GD ya mu Hilux ya 2020, ya malita 2.8 omwewo, imapereka akavalo oposa 200, kutereku ikumwa mafuta mosamala ndi kulira motsitsa. Utsi wakenso ngwochepa, ndipo nkhani ya utsi si yaing'ono: mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization idaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Aliyense amene adatsatirapo pikapu yakale yodzaza matumba pokwera phiri la Chiweta amaudziwa utsi umenewo ndi mphuno yake.

Koma mkangano suli pa mphamvu kapena pa utsi. Uli pa kudalirika, ndipo mawu amenewa ali ndi matanthauzo awiri amene otsutsanawo amawasakaniza. Wogulitsa magalimoto akati injini njodalirika, amatanthauza kuti siwonongeka kawirikawiri. Mlimi wa ku Nthalire kapena woyendetsa ambulansi wa ku Makanjira akati injini njodalirika, amatanthauza kuti ikawonongeka imachenjeza kaye, imamfikitsabe kumene akupita ngakhale motsimphina, ndipo imabwerera pamsewu isanathe sabata. Pa tanthauzo loyambalo injini yatsopano yosamalidwa bwino ingathe kupambana. Pa lachiwirilo imagonja kutalitali, ndipo lachiwirilo ndilo limasiyanitsa wodwala wofika kuchipatala ndi wodwala wogona panjira.

Choyamba chimene chimaigonjetsa ndi mafuta. Kuti chitsulo chisunge mafuta pa ma bar 2,000 osachucha, mipata ya m'kati mwa injekita iyenera kukhala yaing'ono kwambiri, yosafika ndi gawo limodzi la magawo khumi a kunenepa kwa tsitsi la munthu. Kanthu kamene maso sangakaone nkokwanira kukanda chitsulo chotere. Madzi akalowamo amabala dzimbiri. Parafini akasakanizidwa ndi dizilo, monga amachitira ena osaopa Mulungu, amachotsa kuterera kumene pampu imadalira, ndipo zitsulo zimayamba kudyana. Pampuyo ikanyenyeka, timizidutswa take timayenda ndi mafuta kukalowa mumpope ndi m'mainjekita onse, kotero kuti tsoka la chitsulo chimodzi limasanduka maliro a nyumba yonse. Tsono mafuta a dziko lino amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo pamene asowa, monga adasowera mu 2011 ndi 2012, nasowanso mobwerezabwereza kuyambira 2022, woyendetsa safunsa za ukhondo. Amagula a m'chigubu kuseri kwa golosale, nawathira ndi botolo lodula pakamwa, nathokoza kuti wawapeza. Injini yakale nayonso sikondwera ndi mafuta otere, ndipo parafini amaidya pampu yake pang'onopang'ono. Koma imadandaula poyera: imavuta kulira m'mawa, imafuka, imafooka pachitunda, ndipo mwini wake amakhala ndi miyezi yoti akonzekere. Yatsopano imayatsa kanyali kachikasu, kompyuta nidula mphamvu kapena kuizimitsa, ndipo pamenepo kukankha sikuthandiza.

Chachiwiri ndi kakonzedwe. Makaniko wa pa boma lililonse amaidziwa injini yakale monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Amamasula mpope wa nozulo imodzi imodzi injini ikulira kuti apeze silinda yogona. Amatulutsa mpweya m'mipope ndi kapampu ka pamwamba pa sefa. Ndipo pampu ikatheratu, amaichotsa naitumiza kumzinda pa basi kuti akaiyeze. Zida zake ndi masipana ndi khutu. Injini yatsopano simva khutu. Imafuna makina owerengera kompyuta yake, ndipo ngakhale injekita yatsopano ikamangidwa, nambala yake iyenera kulembedwa m'kompyutamo kuti injini ilire bwino. Kumasula mpope wa injini yotere ikulira nkudziika pangozi, pakuti mafuta a mphamvu imeneyo amaboola khungu. Amakaniko si mbuli, ndipo achinyamata ambiri aphunzira ntchitoyi msanga. Chovuta nchakuti makinawo ndi zitsulo zake zimapezeka m'mizinda, ndipo zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene dziko limazisowa. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chitsulo chilichonse chobwera pa ndege udakwera nawo limodzi. Ndicho chifukwa chake kuseri kwa maofesi ena kumaoneka mapikapu a utoto wowalabe atakhala pa njerwa, udzu ukumera pansi pake.

Otsutsa ali ndi yankho lokonzeratu. Amati cholakwa si cha injini koma cha mafuta akuda ndi umphawi, ndipo kuti munthu sadzudzula wotchi yabwino chifukwa chakuti mwini wake waigwetsa m'matope. Yankholi likadakhala lamphamvu zikadakhala kuti injinizi sizivuta kumaiko olemera. Koma ku Australia, kumene mafuta ngoyera ndipo magaraja ali ndi makina onse, eni magalimoto adatengera Toyota kubwalo la milandu, ndipo mu April 2022 bwalo lalikulu la dzikolo lidagamula kuti magalimoto oposa 260,000 a mtundu wa Hilux, Prado ndi Fortuner, ogulitsidwa pakati pa 2015 ndi 2020, adali ndi sefa ya utsi yolakwika. Sefa imeneyi imagwira mwaye, ndipo iyenera kuutentha nthawi ndi nthawi pa moto wa madigiri pafupifupi 600. Ikalephera imatsekeka, injini nibanika. Ku America nakonso injini ya malita 6.0 imene Ford idaika m'mapikapu ake kuyambira 2003 kufikira 2007 idavuta kwambiri, makamaka pa zida zobwezera utsi m'injini, kotero kuti Ford ndi Navistar, kampani imene inkaipanga, adasumirana mu 2007 ndipo pambuyo pake adalekana. Kumeneko kudalibe zigubu. Chitsulo chilichonse chowonjezedwa pa injini ndi khomo linanso lolowera vuto, ndipo zimenezi nzoona ku Sydney monga momwe zilili ku Nsanje. Ogula mapikapu ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Britain ayenera kuzindikira kuti amagulira limodzi sefa yotere, ndipo pa atsopanoko palinso thanki ya madzi otchedwa AdBlue, amene akatha galimoto imakana kulira.

Komabe otamanda zakale asafulumire kuwomba m'manja, pakuti nawonso ali ndi bodza lawo. Akaloza Hilux ya zaka 30 imene ikuyendabe, amaiwala anzake a chaka chomwecho amene adasanduka makola a nkhuku kalekale. Imene ikuonekayo ndi yopulumuka chabe, ndipo akufa sachitira umboni. Injini ya 2L-T idatchuka ndi kung'aluka mutu ikatenthedwa, ndipo lamba woyendetsa mavavu akaduka chifukwa chosasinthidwa pa nthawi yake, injini yakale imawonongeka tsiku limodzi monga ina iliyonse. Ndiponso kutamanda kapangidwe kakale sikutanthauza kutamanda galimoto yotheratu. Pikapu imene yadutsa m'manja mwa anthu asanu, yomangidwa ndi mawaya ndi zitsulo zachinyengo, si yodalirika konse. Ndi yozolowereka basi.

Umboni womaliza umachokera kwa opanga eni ake. Injini ya 1HZ, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, idatuluka mu 1990. Mphamvu yake ndi ya akavalo pafupifupi 130, yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya 1GD imene ili yaing'ono kwa iyo. Ku Ulaya malamulo a utsi adaitsekera kunja kalekale. Chikhalirecho Toyota idapitiriza kuipanga kwa zaka zoposa 30, niimanga m'ma Land Cruiser atsopano ogulitsidwa mu Africa, ndipo mabungwe onga Médecins Sans Frontières, amene ntchito yawo ndi kufika kumene msewu wathera, adaidalira zaka zonsezo. Mabungwe amenewa sadasowe ndalama zogulira injini yamphamvu, ndipo madokotala ake amadziwa kuipa kwa utsi koposa wina aliyense. Adayeza ndi muyezo wa woyendetsa wa ku Makanjira uja.

Amene ayenera kudzudzulidwa kwenikweni, tsono, si amisiri a ku Japan kapena amakaniko a ku Biwi, koma makomiti ogula magalimoto a zipatala, a mipingo ndi a magulu a alimi, amene amakhala m'chipinda chozizira mumzinda nasankha pikapu poyang'ana zithunzi ndi chiwerengero cha akavalo. Masiku akudzawa injini za kapangidwe kakale zidzanka zisowa, ndipo ambiri adzakakamizika kugula zatsopano afune asafune. Pamenepo nkoyenera kuti komiti isanasaine ifunse wogulitsa kuti makina owerengera kompyuta a pafupi ali pa mtunda wa makilomita angati kuchokera kumene galimotoyo ikagwire ntchito, kuti mainjekita anayi pamodzi ndi pampu ndi ndalama zingati, ndi kuti zimatenga masabata angati kufika. Ndipo m'ndalama zogulirazo muikidwenso za sefa yachiwiri yolekanitsa madzi ndi mafuta. Mafunso amenewa woyendetsa aliyense wa kumudzi angathe kuwafunsa mosaphunzitsidwa, koma pa misonkhano yotere iye amasiyidwa panja, akudikira mabwana m'galimoto.