Mtengo wa Sweetgum: Wolakwa Ndani?

Kum'mawa kwa dziko la United States of America kuli mtengo wina umene anthu akumeneko amautcha sweetgum. Umameranso m'mapiri a ku Mexico, Guatemala ndi Honduras. Dzinali lisakusokonezeni, ana inu, poganiza kuti ndi mbale wake wa bulugama amene mumamudziwa. Bulugama adachokera ku Australia ndipo mitengo iwiriyi siili pachibale. Mtengo wa sweetgum adaupatsa dzinali chifukwa cha utomoni wonunkhira umene umatuluka khungwa lake likatemedwa.

Mtengo umenewu ndi wokongola zedi. Umakula mowongoka kufikira mamita 20 kapena 30, ndipo m'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje umapitirira pamenepo. Tsamba lake lili ndi nsonga zisanu, mwina zisanu ndi ziwiri, ngati nyenyezi. Amene adalionapo tsamba la nsatsi angathe kuliyerekeza m'maganizo. Nyengo yozizira ikamayandikira kumeneko, cha mu Okutobala ndi Novembala, masambawo amasanduka achikasu ndi ofiira, kenaka nkuyoyoka. Kwathu kuno mombo umafiira pamene ukuphukira, koma mtengo uwu umafiira pamene masamba ake akutsanzika.

Phindu lake silidayambe kudziwika lero. M'chaka cha 1519 anthu a ku Spain atafika ku Mexico adapeza mfumu Moctezuma ikusuta fodya wosakaniza ndi utomoni wa mtengowu. Ku Honduras anthu a mtundu wa Pech amakololabe utomoniwo ndi kuugulitsa kwa opanga mafuta onunkhira. Amisiri amapanga mipando, makabati ndi mabokosi ndi matabwa ake, ndipo mbalame ndi agologolo amadya njere zake.

Nanga bwanji mtengo wotere uli ndi adani ambiri m'mizinda ya ku America?

Mlandu wake woyamba ndi zipatso. Izi ndi timipira taminga tofanana ndi zipatso za nsatsi, koma tolimba ngati thabwa. Mtengo umodzi waukulu umagwetsa timipira tosawerengeka, ndipo timagwa pang'onopang'ono nyengo yonse yozizira. Munthu akasesa lero, mawa apeza tina. Mwana akatiponda wopanda nsapato amalira, ndipo nkhalamba ikatiponda panjira ya simenti timagubuduzika, iyo nkugwa. Mlandu wachiwiri ndi mizu. Mizu ina ya mtengowu imayenda pamwambamwamba, ndipo ikanenepa imatukula simenti ndi kung'amba njira. Madandaulo amenewa ndi oona, ndipo sindifuna kuwapeputsa. Nkhalamba yothyoka mwendo siingatonthozedwe ndi kukongola kwa masamba.

Koma tiyeni tione m'mene mtengowu udafikira pamakomo pa anthu. Kuyambira cha m'ma 1930 matenda adapha mitengo yambirimbiri yotchedwa elm, imene inkapereka mthunzi m'misewu ya mizinda ya ku America. Misewu idakhala pambalambanda. Pofuna kubwezeretsa mthunzi msanga, anthu m'mizinda ina adabzala mitengo ya sweetgum m'mbali mwa misewu ndi pafupi ndi nyumba zawo, pakuti imakula msanga. Kwa zaka zambiri onse adali okondwa. Patapita nthawi chikondwerero chidasanduka mkwiyo, kotero kuti m'chaka cha 2012 akuluakulu a mzinda wa Springfield, m'dera la Illinois, adakonza zoti munthu wotopa ndi mtengowu alipire ndalama kuti amudulire.

Chinsinsi cha nkhaniyi nachi. Mtengo wa sweetgum suyamba kubereka msanga. Kawirikawiri umatha zaka ngati 20 usanagwetse timipira take. Tawerengani nokha. Mwana wa zaka 11 akaubzala lero, adzakhala ndi zaka zoposa 30 pamene kusesa kudzayamba. Mwina adzakhala atasamukira kutali, m'nyumbamo muli anthu ena. Wobzala ndi wina, wosesa ndi wina. Wobzala uja adangoona kambande kofika m'chiuno, kooneka kofatsa, ndipo adakaika pamene padamukomera tsiku limenelo. Sadaganize za chimtengo cha nthambi zotambalala mamita 12 chimene chidali kubwera.

Chifukwa chake maganizo anga ndi akuti mtengowu sudalakwe. Kwawo kwenikweni ndi kudambo ndi m'mbali mwa mitsinje, kumene timipira take timagwera pansi ndi kuolera pomwepo popanda wodandaula. Sudapemphe kuti auike pakati pa khoma la nyumba ndi njira ya simenti. Adalakwa ndi munthu amene adaubzala asanafunse kuti udzakula bwanji.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Wofuna kusamala mtengowu ayambe asanakumbe dzenje. Aime pamalopo, ayang'ane kumwamba ngati kuli mawaya a magetsi, ndiponso ayang'ane pansi ngati pali mapaipi a madzi kapena njira imene anthu amadutsa. Ine ndingamulangize kuti awerenge mapazi aakulu osachepera khumi kuchokera pakhoma la nyumba. Akaona kuti bwalo lake ndi lochepa, asankhe mtengo wina. Pamenepo palibe manyazi.

Malo akapezeka, zotsala sizovuta. Mtengowu umafuna dzuwa lokwanira ndi dothi lakuya losunga chinyontho. M'dothi lokhala ndi laimu wambiri masamba ake amachita chikasu nthawi yake isanakwane, ndipo mtengo umafooka. Mizu ya mbande yake ndi yofewa, yosachedwa kuvulala, motero mbande iyenera kuokedwa ikadali yaing'ono, pamodzi ndi dothi lake lonse. Dzenje likhale lotambalala koma lisazame kuposa m'mene mbandeyo idakhalira kunazale. Ikaokedwa imaoneka ngati yaima, ndipo apa ndi pamene anthu opupuluma amataya mtima nasiya kuthirira. Kunena zoona iyo imakhala ikukonza mizu pansi. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira imafuna madzi nthawi zonse kukauma, ndiponso udzu kapena masamba ouma ophimbira pansi, osakhudza tsinde. Ukaphuka nsonga ziwiri zopikisana, mwini wake adule imodzi mtengo ukadali waung'ono, pakuti mtengo wa mphanda umang'ambika mphepo ikaomba.

Ena anganene kuti, “Zonsezi tamva, koma ife tidaupeza utakula kale pakhomo.” Ngati mizu yake yayamba kuwononga nyumba, sindingawaletse kuudula. Koma ngati vuto ndi timipira tokha, nkhwangwa ikhale yomaliza kuganiziridwa. Kusesa ndi ntchito ya miyezi yozizira yokha, pamene mthunzi umatumikira miyezi yonse yotentha. Pansi pa mtengo angathe kusandutsapo bedi la maluwa kuti timipira tizigwera pamene sipaponda munthu, ndipo timene tasesedwa tingathe kuphimbira dothi m'dimba.

Palinso mtundu wina wa sweetgum wotchedwa Rotundiloba. Masamba ake ali ndi nsonga zobulungira, ndipo subereka timipira. Popeza ulibe njere, alimi a kunazale amauchulukitsa polumikiza nthambi yake ku tsinde la mtengo wina. M'mbali mwa msewu wa mumzinda mtundu umenewu ndi woyenera, ngakhale kuti mizu yake imafunabe malo okwanira. Koma pabwalo lalikulu la sukulu kapena m'mbali mwa mtsinje ine ndingasankhe wobereka uja, kuti mbalame ndi agologolo apeze chakudya m'miyezi yozizira pamene zakudya zina zasowa.