CHENJEZO: Makolo ndi aphunzitsi a ku Karonga, ana athu akuzunzana pa foni

Makolo, aphunzitsi ndi mafumu nonse, kuyambira ku Chilumba mpaka ku Songwe, tcherani khutu. Kale mwana akanyozedwa kusukulu ankapumako akafika kwawo. Lero chipongwe chikumutsatira m'thumba la yunifolomu, n'kukagona naye m'neti.

Mafoni otsika mtengo ali mbwee kuno kumalire, ndipo mwana wa Fomu 2 ali kale m'magulu a WhatsApp omwe inu simukuwadziwa. Mmenemo mnyamata wokanidwa chibwenzi amaponya chithunzi chimene mtsikana anamutumizira mwachinsinsi. Ena amajambula mnzawo akusamba kunyanja, ena amatsegula Facebook yabodza m'dzina la mnzawo n'kumatukwanirapo anthu. Chithunzi chikaponyedwa m'mawa ku Uliwa, pofika masana a ku Kaporo achiona kale. Musayembekezere kuti eni Facebook aletsa msanga mawu otukwana olembedwa m'Kyangonde kapena m'Chitumbuka. Amene mumamva zilankhulozi ndinu.

Amenewa si masewera a ana. Ndi milandu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati wozunza mnzake kudzera pa foni kapena kompyuta atha kulipira K2,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Pa zithunzi zolaula za mwana chilango chimafika K10,000,000 ndi zaka 15. Musaiwale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wosunga kapena kupatsira ena chithunzi chotere nayenso walakwira lamulo, ngakhale atati "ndangotumizako basi".

Makolo, apa ndiye timaphonya. Mwana akaulula, ambirife timathamangira kumulanda foni ndi kumukwapula, ati wachititsa manyazi banja. Mawa adzaululanso? Ana ambiri amafera mumtima chifukwa choopa ife, osati owazunzawo. Mukaona mwana wasiya kudya, akudzidzimuka foni ikalira, akunamizira mutu tsiku lililonse kuti asapite kusukulu, khalani naye pansi mumufunse mofatsa. Mauthengawo musafufute. Ajambuleni, sungani nambala ndi tsiku, chifukwa ndiwo umboni. Ndipo ngati wozunzayo ndi wanu, musamuikire kumbuyo.

Aphunzitsi, kunena kuti foni n'zoletsedwa pasukulu sikuthetsa nkhani. Zochitika usiku pa foni zimaonekera m'kalasi m'mawa: kuseka kwa chamseri, desiki yopanda munthu. Sankhani mphunzitsi mmodzi wamkazi ndi mmodzi wamwamuna amene ana angawauze zakukhosi popanda nkhani kufika mu staff room. Ikambeni pa msonkhano wa PTA, muitanenso amayi a mother group. Chonde musaitanire wozunzidwa kutsogolo pa asembule. Kumeneko n'kumuvula kachiwiri.

Mafumu, nkhani ya chithunzi cha mwana si yothera pabwalo ndi chindapusa cha mbuzi.

Zikachitika, pitani msanga ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma la Karonga. Mwana akayamba kulankhula zodzipha, musamusiye yekha, thamangirani naye kuchipatala. Nambala yothandiza ana ya Tithandizane ndi 116, ndipo kuimba n'kwaulere. Ilembeni pa bolodi, muisungenso mu foni ya mwana wanu lero lomwe.