Salmon ya ku Canada: adye ndani poyamba?

Nkhani ya lero ikuchokera kutali, ku British Columbia, chigawo cha kumadzulo kwa Canada, koma aliyense amene adakanganirapo malo pamsika aimva msanga. Kumeneko kuli nsomba yotchedwa salmon. Khalidwe lake ndi ngati la mpasa wathu amene amakwera mtsinje wa Bua kukaswa: imabadwira mumtsinje, kukakulira m'nyanja yamchere, ndipo ikakhwima imabwerera kwawo kukaikira mazira. Pobwererapo imapeza magulu atatu akuidikira: eni nthaka amene azungu adawapeza, asodzi a malonda, ndi anthu ongowedza mwachisangalalo.

Mu 1999 boma la Canada lidalemba ndondomeko yogawira nsombayi. Choyamba, nsomba zokwanira zisiyidwe kuti zikaswane. Chachiwiri, eni nthaka apeze za ndiwo ndi za miyambo yawo. Phokoso lidabuka pa zotsalazo. Pa mitundu iwiri, chinook ndi coho, a chisangalalo adaikidwa patsogolo pa a malonda. Pa mitundu itatu inayo, sockeye, pink ndi chum, a malonda adalonjezedwa nsomba zosachepera 95 pa 100 iliyonse.

Ukangomva choncho umati a malonda adalemera, eti? Dikirani kaye. Chinook ndiyo yaikulu kuposa zonse, ndiponso ya mtengo wokwera. Samu imene a chisangalalo amaimirapo ndi iyi: mlendo wochokera ku Toronto kapena Seattle akafuna chinook imodzi amalipira ndege, malo ogona, boti, womuperekeza, chakudya ndi laisensi. Nsomba yomweyo akaigwira wamalonda imangopita pasikelo basi. Inu a geni samu imeneyi simufuna mphunzitsi.

Ine sindikana kuti ndalamazo ndi zenizeni. Tauni ngati Campbell River imadyera momwemo, ndipo oyendetsa maboti a alendo nawo ali ndi ana kusukulu. Koma funso langa ndi ili: kodi chuma cha anthu onse chizigawidwa poyang'ana kunenepa kwa chikwama? Tikavomera zimenezo, ndiye kuti amene nsomba ndiyo munda wake adzakhala kumapeto kwa mzere mpaka kalekale, pakuti sangapikisane ndi munthu wa patchuthi.

Makhoti nawo adaliona vutoli. Mu 2009 khoti lalikulu la British Columbia lidagamula kuti mitundu isanu ya anthu a Nuu-chah-nulth, kumadzulo kwa chilumba cha Vancouver, ili ndi ufulu wosodza ndi kugulitsa nsomba. Mlanduwo umadziwika ndi dzina la Ahousaht. Mu 2018 khoti lomwelo lidanenanso kuti kuika a chisangalalo patsogolo pa anthu amenewa pa nkhani ya chinook kudalibe chifukwa chomveka, ndipo boma lidakakamizika kuyamba kuunikanso ndondomeko ya 1999 ija.

Pali china chimene sichinenedwa mokweza. Nsomba za wamalonda zimawerengedwa ndi kuyezedwa zikafika padoko. Za a chisangalalo, amene ali mbalambanda m'timaboti tambirimbiri, boma limadalira kwambiri kufunsa ena mwa iwo ndi kuyerekeza zotsalazo. Nanga mugawa bwanji mwachilungamo pamene wina mukumuyeza ndi sikelo, wina ndi maso?

Tsono pamene akuluakuluwa amakangana, mphika umaphwa. Madzi a m'mitsinje akutentha, malo oswanirana akuwonongeka. Mu 2019 a chisangalalo adaletsedwa kusunga chinook m'madera ena kwa miyezi ingapo pofuna kuteteza za mumtsinje wa Fraser. Mu 2021 nduna ya za nsomba, Bernadette Jordan, idatseka pafupifupi 60 pa 100 ya usodzi wa malonda wa salmon, boma n'kuika madola a ku Canada 647 miliyoni pa ntchito yopulumutsa nsombayi. Ija 95 pa 100 tidainena ija yathandiza chiyani msodzi amene boti lake lamangidwa padoko?

Maganizo anga ndi akuti nsomba zikachepa, woyamba akhale amene alibe kwina kolowera: mwini nthaka, kenako msodzi wamng'ono. Mlendo akhoza kuchepetsa zotenga, tchuthi chake n'kukomabe. Ndipo onse ayezedwe ndi muyeso umodzi. Ophunzira amene mawa mudzakhale m'maofesi ogawa chuma cha dziko, nkhaniyi muisunge. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.