NJINGA YAMOTO YA MALEMU BAMBO

Mwezi uno ndikukambirani za njinga yamoto imene inakhala zaka zoposa 40 kuseri kwa nkhokwe kwathu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Malemu bambo anga, amene anali mphunzitsi, anaigula yogwirapo kale ntchito m'chaka cha 1958. Chaka chatha mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira umakaniko, anandipempha kuti aidzutse. Ndinavomera, koma ndinati: "Uibwezere monga inatulukira ku fakitale, osati monga ukufunira iwe."

Njingayi ndi BSA Bantam ya mtundu wa D1, yopangidwa ndi kampani ya Birmingham Small Arms ku Mangalande. Ma Bantam anayamba kutuluka mu 1948 ndipo analeka mu 1971. Anthu ambiri amayesa kuti inali nzeru ya Angerezi, koma ayi ndithu. Mapulani ake anali a njinga ya ku Germany yotchedwa DKW RT 125, amene anatengedwa ngati chipukuta misozi itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Angerezi anangowatembenuza monga chinthu chionekera pagalasi, kuti chosinthira magiya chikhale ku phazi lamanja monga anazolowera. Injini yake ndi ya 125 cc, magiya ndi atatu basi.

Ntchito yoyamba sinali ya sipanala konse. Tinayenera kudziwa kuti njingayi inali yotani poyamba, pakuti m'zaka zonsezo amisiri a m'misika anaikamo manja awo. Nyale inali ya njinga ina, chishalo chinamangidwa ndi luzi la tayala, ndipo thupi lonse linali lopakidwa utoto wakuda ndi burashi yopakira zitseko. Mphwanga anakhula dzimbiri pa felemu ndi pa injini kufikira manambala ataonekera, chifukwa manambalawo ndiwo amanena mtundu wa njinga ndi nyengo imene inapangidwa. Kenaka anapala pang'ono kunsi kwa madigadi, kumene burashi sinafike, napeza utoto wobiriwira motuwa. Umenewo ndiwo unali utoto wa ma D1 oyamba, pamodzi ndi chigamba choyererako m'mbali mwa thanki ndi chithunzi cha katambala.

Apa mpamene tinakangana. Mnyamata anafuna utoto wofiira ndi mikombero yonyezimira, kuti anzake acheuke. "Malume," anatero, "nanga ndani adzadziwe?" Ndinamuuza kuti ma Bantam ofiira analipodi, monga a anyamata a positi ofesi ku Britain onyamula matelegalamu, koma agogo ake sananyamulepo telegalamu. Kunena zoona, inenso ndinauona utoto wobiriwirawo kuti ngwosakongola. Koma munthu akayamba kusintha chimene sichim'kondweretsa, mathero ake akhala ndi njinga ya maganizo ake, ya ku fakitale ija itatayika kachiwiri.

Phunziro lowawa linadza ndi mabauti. Masipanala amene ali m'magalaja athu lero amayezedwa m'mamilimita, pamene njinga za Angerezi za nthawi imeneyo zimafuna masipanala a muyeso wa Whitworth, ndipo mabauti ake ambiri ali ndi mizere 26 pa inchi imodzi. Tsiku lina ine kulibe, mphwanga anataya bauti, natenga ina ya mamilimita yooneka yofanana, naikakamiza. Inalowa katatu, kenaka inadya mizere yonse ya m'bowo. Kukonza bowo limodzi lokhalo kunatidyera masabata atatu ndi ndalama zimene anasungira nsapato. Sindinam'kalipire, pakuti nkhope yake inali itanena kale zonse. Chiyambire tsikulo bauti iliyonse yomasulidwa imalowa m'kachitini kake, ndi kapepala konena kumene yachokera.

Zipangizo zina zimapezekabe kwa ogulitsa a ku Britain, ndipo tinaitanitsa mapisitoni ringi, zotsekera mafuta za mphira, nyale ndi chishalo kudzera mwa mbale wathu amene akugwira ntchito kumeneko. Kabureta ya Amal tinangoitsuka. Chinthu chimodzi achinyamata achisamale: injini imeneyi ilibe mosungira oyilo woifewetsa, koma oyiloyo amasakanizidwa ndi petulo, gawo limodzi pa magawo 20 monga buku la eni ake linalamulira. Chivindikiro cha thanki chili ndi kachikho koyezera kunsi kwake. Mukathira petulo yekha, injini igwirana musanafike patali.

Panatsala nkhani imodzi imene buku silikanatithandiza. Thanki inali yopindikira m'kati mbali ya kumanzere. Tonse m'banja tinakula tikudziwa kuti chipsera chimenecho chinadza usiku umene bambo anagwa m'matope, akuthamangira kukaitana azamba, ine ndili pafupi kubadwa. Ku fakitale thanki inatuluka yosalala, ndipo lamulo ndinaliika ndine. Koma nyundo itafika, mtima wanga unakana. Mphwanga sanachedwe kundikumbutsa mawu anga omwe aja.

Tsono tinapita nayo nkhaniyi kwa mayi, amene tsopano maso awo ndi ofooka. Anapempha kuti tiwapatse thankiyo pamiyendo, naisisita kwa kanthawi, kenaka anaseka. "Wongolani," anatero. "Bambo anu ankachita nacho manyazi. Akafika pa tchalitchi ankaimika njinga mbali imeneyi italoza kukhoma."

Tinawongola. Loweruka lapitali injini inalira pa kuponda kwachisanu, utsi wabuluu nudzaza bwalo lonse, ndipo mayi anaizindikira ndi khutu ali m'nyumba. Chatsala ndi chithunzi cha katambala chija, chimene chikali m'njira.