MASANJE A MASIKU ANO

Ambiri a ife tinakulira ku masanje. Tikatha kukolola tinali kumanga timisasa ta mapesi: wina bambo, wina mai, wina mfumu, wina fisi wakuba ndiwo. Dzuwa likapendeka, aliyense anali kubwerera kwao ndi dzina lace lenileni.

Masewera otenga malo a munthu wina sanathere pa ubwana. Mu 1974 ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons. Osewera amazungulira thebulo. Mmodzi ndiye mwini nthano. Enawo amasankha kukhala msilikali, wansembe kapena wamatsenga. Wina akafuna kulumpha cidzenje, amaponya dayisi ya mbali 20 kuti aone ngati wakhoza. Mtundu waciwiri ndi wa pabwalo, pomwe anthu amabvala zobvala za m'nthanomo. Wacitatu, umene walowa m'nyumba zathu, ndi wa pa kompyuta ndi foni, monga Final Fantasy wa ku Japan wa mu 1987, ndi World of Warcraft wa mu 2004, wosonkhanitsa anthu ambirimbiri pa intaneti.

M'zaka za m'ma 1980, makolo ena ku America ananena kuti masewerawa ndi usatana. Ifenso mtima umagunda tikamva mwana akuchula zinjoka ndi matsenga. Koma tisafulumire. Zambiri za m'nthanozi zinacokera m'mabuku a J.R.R. Tolkien, Mkatolika wokonda Misa. Pa Lacisanu Loyera mnyamata wathu amasewera ngati Yudasi, koma sitimcotsa mu Mpingo. Ignasio Woyera wa ku Loyola anaphunzitsa kuti posinkhasinkha tidziike pakati pa anthu a m'Uthenga Wabwino.

Cotidetsa nkhawa ndi cina. Masanje anali kutha madzulo. Masewera ambiri a pa intaneti alibe mapeto. Amadya tulo, maphunziro, ndalama za ufa ndi pemphero la banja. Mwana amakhala ngwazi pa foni, kwinaku ambuye ace akutunga okha madzi.

Tsono makolo anzathu, tisangolanda foni. Tikhale pambali pa mwana, timfunse: "Kodi umu ndiwe yani? Wofooka umamcita ciani?" Pakuti cimene munthu azolowera kusankha m'sewero, mtima umaciphunzira. Ndipo tipangane naye nthawi yolekera, kuti nsima ikapsa, ngwaziyo ibwerere ku dzina lace la ubatizo.