Mpikisano wa zipatala mu Mzuzu: bwanji mitengo sikutsika?

Abale anga, m'mabuku amene timaphunzitsira ana muli mfundo yoti ogulitsa akachuluka, mitengo imatsika. Pa tomato wa ku Zigwagwa nzoona ndithu. Mayi uyu akakweza, umangosuntha mapazi awiri n'kugula kwa mnzake. Koma ndakhala ndikudzifunsa: makiliniki ndi mafamase achuluka chonchi mu Mzuzu muno, ku Katoto, ku Chibavi, ku Luwinga, bwanji kudwala kukunka kudulirabe?

Yankho langa ndi loti wodwala sanenelera mtengo. Mwana akatentha thupi 2 koloko usiku, palibe kholo limene lingazungulire makiliniki atatu kufunsa kotchipa. Komanso wogulitsayo ndi amene amakuuza zoti ugule. Akati tiyeze magazi kenaka jakisoni masiku atatu, iwe ungatsutse ndi chiyani? Biluyo umaiona pomaliza, singano italowa kale.

Ena amati vuto ndi malamulo, akuti boma lingosiya aliyense atsegule chipatala ndipo zinthu zitchipa. Ine ayi. Medical Council of Malawi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, imaona ngati munthu alidi ndi mapepala a udokotala, ndipo PMRA imayang'anira mankhwala. Zimenezi zimakweza ndalama zoyendetsera kiliniki, sindikukana, koma ndani angalole kubayidwa ndi munthu amene anangogula gawuni yoyera pa kaunjika? Chimene chikusowa ndi choti wodwala adziwe mtengo asanagone pa bedi. Bungwe la CFTC limakumbutsa eni masitolo kuti azilemba mitengo pa katundu. Ngati sopo ali ndi mtengo wolembedwa, kuyeza malungo kulekerenji? Aike pakhoma, pamene aliyense angawerenge.

Koma chimene chingatsitsedi mitengo ndi chipatala cha boma chokhala ndi mankhwala. Mzuzu Central Hospital inatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la Taiwan kuti izilandira matenda aakulu a chigawo chonse cha kumpoto, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Mzimba. Poti mzinda uno ulibe chipatala cha boma cha pa district, a chifuwa ndi a malungo nawonso amathera komweko kapena ku Mapale. Mzere ukatalika, kapena akakulembera mankhwala n'kukuuza kuti mukagule nokha, wa famase amadziwa kuti ulibe kothawira. Chithandizo chaulere chimathera pa pepalalo. Ndiye onjezerani kuti mankhwala ambiri timaitanitsa kunja, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Malipiro a mphunzitsi sanathamange liwiro limenelo, mundikhulupirire.

Zipatala za mishoni monga St John's ndi Ekwendeni, zimene zili pansi pa CHAM, zili pakatikati. Zimalipiritsa, koma boma limalipira antchito awo ambiri. Kuyambira 2006 boma linayamba kusainirana mapangano ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, biluyo izipita ku boma. Njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa amene akukambirana mtengo ndi boma, limene silikumva kupweteka kwa matenda ndipo likhoza kukana. Vuto lake limabwera boma likachedwa kulipira ngongolezo: chipatala chimaimitsa panganolo, ndipo mayi wa pakati amauzidwanso kuti ayambe wapita kwa kashiya.